Shawelo Yosatseka

Chaka chimenecho mvula inakana kutsanzika. Kwathu kuno, m'mapiri a pakati pa Dowa ndi Ntchisi, Epulo akamatha timakhala titaiwala za matope, chimanga chili pamikukwe, anthu akupempha dzuwa kuti liumitse. Koma tinalowa mu Meyi kukadali mawawa. M'mawa nkhungu, masana kamvula kowaza kosanyowetsa msanga koma kosaleka, madzulo mphepo yozizira yotsika kuphiri. Zovala zinkanunkha chuku zili m'sutikesi. Amati mvula ikakuona litsiro siikata, ndipo ine ndinkaona ngati litsiro limene yaonalo ndi langa.

Ntchito yanga ndi kuluka. Ndinaphunzira kupulayimale kwa aphunzitsi ena achizimayi aukali amene ankatimenya zala ndi rula, ndipo nditasiya sukulu chimene ndinatuluka nacho n'chomwecho. Singano zenizeni zolukira ndinakhalapo nazo kamodzi, zinathyoka. Kuchokera pamenepo ndimalukira masipoko a njinga, onola pamwala mpaka nsonga itasalala, kumapeto n'kumangako kamphira kuti ulusi usapulumuke. Ulusi wa m'sitolo ndi wa anthu a m'tauni. Ine ndimagula majuzi a kaunjika obooka, amene aliyense wawakana, n'kuwamasula. Ku Msakambewa kuli bambo wina wachisilamu wogulitsa kaunjika amene amandisungira majuzi oterowo m'thumba kuseri kwa kauntala. Akandiona ndikubwera amayamba kuseka, amati kwafika chiswe chodya majuzi.

Juzi ukaimasula, ulusi wake umatuluka wopotanapotana, sungaulukire bwino choncho. Umatembenuza mpando, n'kuuzunguliza pamiyendo yake kuti ukhale nkhata. Nkhatazo umazichapa, n'kuzipachika padzuwa utamangirira mwala kunsi kuti ulusi uwongoke. Dzuwa likakhalapo ndi ntchito ya tsiku limodzi. Likasowa, umangoyang'ana kumwamba.

Ndinene zoona, nthawi imeneyo ndinali nditatopa nayo ntchitoyi. Zala zinali zitayamba nyamakazi, kukazizira zinkauma ngati zamwini. Maso nawo anali atayamba kundinamiza. Ndipo m'masitolo munali mutadzaza mashawelo onyezimira a m'mapepala a pulasitiki. Azimayi ankabwera pakhonde panga, kugwiragwira zimene ndaluka, kuyamikira kuti koma ndiye muli ndi luso, akatero n'kupita kukagula zonyezimira zija. Ine sindinalukepo motsata pepala. Maluko anga ndinawatenga kumunda: mizere yotukuka, yokhota motsata phiri, monga timaungira kuti madzi asakokolole nthaka. Munthu wa kuno akaona juzi yotero amadziwa kuti yachokera m'manja mwanga. Koma kudziwika sikudyedwa, ndipo ndinali nditayamba kunena kuti ndikamaliza majuzi a sukulu amene ndinalandira, masipoko ndiwabwezera kunjinga.

Mwana wanga wamkazi amakhala kuseri kwa nyumba yathu ndi mwamuna wake, poti kwathu mkamwini ndiye amabwera kudzamanga. Chaka chimenecho anali ndi pakati pachitatu, koma m'nyumba mwake munalibe mwana.

Pakati poyamba ndinasangalala mopusa. Kwathu za mwana amene sanabadwe sitizitchula. Sumufunira dzina, sufunsa mwezi, sumukonzera zovala poyera. Zonsezo ndinkazidziwa, koma manja anandiyabwa. Ndinaluka shawelo yoyera nditakhala pakhonde, dzuwa likuswa mtengo, aliyense wopita kumjigo akuona, ine ndikuimba. Ndinaimaliza, kuichapa, kuipinda bwinobwino. Mwana anabadwa osalira. Mtayo amakaika azimayi okha, mwakachetechete, popanda bokosi, popanda kulira mokweza. Pofuna chomukulungira, akulu anga analowa m'nyumba mwanga n'kutenga shawelo ija. Inapita m'dothi isanafunditsepo munthu wamoyo.

Pobwerera, akulu angawo anayenda pafupi nane n'kunena motsitsa mawu, koma osati motsitsa kwenikweni: "Iwe ndi manja akowo. Unamukonzera nsalu asanafike, ndiye wangoitenga n'kupita nayo."

Ine ndine munthu wopemphera, ndipo anamwino anatifotokozera bwino kuti vuto linali kuthamanga kwa magazi. Ndikudziwa kuti ulusi supha mwana. Koma kudziwa kumakhala m'mutu, ndipo mawu aja sanapite m'mutu, anakakhala penapake pansi pa nthiti. Mwana wanga nayenso anawamva, anali pambuyo pathu pomwepo.

Pakati pachiwiri ndinaluka mobisa, tizipewa ndi timasokosi tokha, n'kutibisa pansi pa sutikesi. Panapita padera. Patapita masiku, mwana wanga akufuna chitenje m'sutikesi muja anatipeza. Anangotiyala pabedi panga, kamodzikamodzi, n'kutuluka. Ndikanakonda akananditukwana.

Ndiye ulendo wachitatuwu, mimba itangoyamba kuoneka, anandipeza ndikumasula juzi pakhonde. Anaima kanthawi akuyang'ana manja anga.

"Amayi, ulendo uno musaluke. Chonde."

Ndinavomera, ndipo ndinavomera ndi mtima wonse. Miyezi ingapo ndinasungadi mawu anga. Ndinkaluka majuzi a sukulu a ana a eni ake, obiriwira okhaokha mpaka kunyansidwa nawo, osayang'ana n'komwe ulusi wofewa.

Koma mayi amawerenga miyezi ngakhale asakufunsa. Ndinaona kuti mwanayu adzafika kumayambiriro kwa Julaye, nthawi imene kuno madzi a m'ndowa amaluma mano ndipo mphepo imalowa ngakhale pansi pa chitseko. Kale shawelo ndinkaimaliza m'milungu itatu. Ndi zala za tsopanozi inkafuna isanu kapena isanu ndi umodzi. Ndikadikira kuti mwana alire kaye, ndidzamaliza chisanu chitatha. Mwamuna wanga anati tidzangogula ya m'sitolo mwana akabadwa. Ndinamuyankha kuti zonyezimira zija mphepo imadutsamo ngati m'sefa, zomwe ndi zoona. Chimene sindinanene n'chakuti zinkandiwawa kuganiza kuti mdzukulu wa woluka adzafunda za m'pepala la pulasitiki, ine nditafunditsa ana a mudzi wonse. Kunali kudzikuza, sindikana.

Ndiye ndinayamba kudziweruzira mlandu ndekha, ndipo munthu akamadziweruza yekha sagonja. Woluka aliyense amadziwa kuti chovala chimakhala chovala ukachitseka. Kutseka ndi mzere womaliza, umene umamanga ulusi kuti uchoke pasipoko osamasuka. Usanatseke, chimene uli nacho ndi ulusi chabe. Ukasolola sipoko n'kukoka, mizere yonse imathawa, ntchito ya mwezi n'kubwerera kumpira wake. Za maulendo awiri oyamba aja ndinatseka. Ndinadziuza kuti iyi ndiluka koma sinditseka, ndipo chinthu chosatseka palibe anganene kuti ndi nsalu ya mwana. Ndinkadziwa kuti ndikudzinamiza, komanso kuti mwana wanga sanandipemphe kuti ndisatseke, anandipempha kuti ndisaluke.

Kwa bambo a kaunjika aja ndinapeza juzi yaikulu yachimuna, yachikasu, yobooka pachigongono, ya ubweya wa nkhosa weniweni. Ataona mmene ndinkaisisitira patsaya sanaseke za chiswe tsiku limenelo. Anangoikulunga m'nyuzipepala kuti isanyowe.

Ndinaimasula nditatseka chitseko, n'kuchapa nkhata zake m'bafa. Vuto linali poyanika. Pakhonde mwana wanga aona. M'khitchini utsi udetsa. Panja mvula. Malo okhawo okhala ndi denga komanso mphepo yodutsa anali chigafa cha mwamuna wanga, mmene munali fodya ali pamikangala. Ndinapachika nkhata zanga pakati pa masamba, miyala ikulendewera.

Mwamuna wanga ndiye yekha m'mudzimo amene ankakondwa ndi nyengoyo, chifukwa chinyezi chimafewetsa fodya, amasankhika osafumbutuka. M'mawa mwake analowa m'chigafa akuimba mluzu, kenaka mluzu unaleka. Nditamutsatira ndinamupeza atagwira m'chiuno akuyang'ana m'mwamba.

"Fodya wachikasu chotere ine sindinabzale," anatero.

Ndinamuuza kuti angokhala chete. Anandifunsa ngati ndaiwala zimene mwana uja anapempha, ndinati sindinaiwale. Kenaka anakwera pachitsa, n'kusamutsira nkhata zija pamtanda wam'mwamba pomwe mphepo imadutsa bwino. Nkhaniyo sanaitchulenso. Ulusi unatenga sabata yathunthu kuti uume, ndipo utauma unkanunkha fodya ngati thumba la malaya a nkhalamba.

Ndinkalukira m'chigafa momwemo, masana, nditakhala pachiguduli, ndikunamizira kuthandiza kusankha fodya. Sindinaimbe ngakhale kamodzi. Kale kuluka kunkandipumitsa; manja akamayenda, mutu unkakhala phee. Koma shawelo iyi mzere uliwonse unali ngati ndikukwera nawo phiri. Zala zinkatupa, madontho ankagwa kuchokera kudenga la udzu, ndipo phazi lililonse lodutsa panja linkandidumphitsa mtima. Ndinkafika pakati pa mzere n'kudzifunsa kuti kodi ndikulukira ndani, wofunda kapena wokulungidwa. Ndikatero ndinkaika pansi, kupukuta maso, n'kutolanso, chifukwa kusiya kunkandiopsa chimodzimodzi ndi kupitiriza.

Tsiku lina mwana wanga anatulukira mwadzidzidzi atanyamula mbatata yootcha m'mbale, akuyenda pang'onopang'ono ndi mapazi ake otupa. Ndinalibe pobisa shawelo, ndinangoikhalira. Sipoko imodzi inandibaya pantchafu, ine n'kumamwetulira, kumufunsa za mutu ngati ukupwetekabe. Anakhala nafe mpaka mbatata inatha. Pochoka anandichotsa kaubweya kachikasu paphewa, n'kukauluzira pansi. Ndinadziuza kuti sanazindikire. Bala la sipoko lija chipsera chake ndili nacho mpaka lero.

Shawelo inali itatsala pang'ono kufika muyeso wake pamene mkamwini wanga anagogoda m'mawa wina, cha pakati pa Meyi. Ndi munthu waulemu, sayang'anana nane m'maso, ndipo nkhani zake zimadzera kwa mwamuna wanga. Tsiku limenelo anaima pakhomo penipeni, chipewa chili m'manja, mvula ikumuwaza, n'kundiuza ine mwini kuti zayambika. Kunali kutatsala pafupifupi miyezi iwiri.

Mumsewu wathu njinga yamoto sikanadutsa, matope anali ofika m'akakolo. Anamanga ng'ombe pangolo. Ine ndinasonkhanitsa beseni, zitenje ndi kapu, kenaka ndinathamangira kuchigafa, n'kukankhira shawelo ija pansi pa chikwama, masipoko ali pomwepo. Sindinaitenge ndi chiyembekezo ayi. Ndinaitenga chifukwa cha mantha, kuti zikavutanso akulu anga asadzaipeze n'kukakulungira wina. Ndinali nditatsimikiza kuti zikatero ndikaiponya m'chimbudzi cha kuchipatala, munthu asaione.

Ngolo inatifikitsa pamsewu waukulu, pomwe tinapeza galimoto. Mwana anabadwa dzuwa litapendeka, ngati linaliko kuseri kwa mitambo. Ndinali pabenchi panja pamene ndinamva kulira kochepa ngati kwa kamphaka. Sindinadzuke. Ndinkaopa kuti mwina ndi wa wina.

Anali wathu, wamkazi, wokwana m'manja awiri. Anamwino, mayi wamfupi wolankhula mofulumira, anamugoneka pachifuwa pa mayi ake khungu ndi khungu, n'kumumangirira ndi chitenje. Anatiuza kuti mwana wosakwana masiku mdani wake wamkulu ndi kuzizira, ndipo kutentha kumathawira kumutu. Kenaka anatembenukira kwa ine.

"Agogo, chipewa chili kuti? Masokosi?"

Tinalibe. Banja la woluka linafika kuchipatala lopanda ngakhale kachipewa. Mkamwini anathamangira kumaokala a kunja kwa geti, n'kubwera ndi chipewa chimene chinameza nkhope yonse mpaka kuchibwano. Tinayesa kumukulunga kansalu, kankangovuka. Anamwino anati tizipewa timene anthu achifundo amabweretsa tinatha, ndipo tiyesetse kupeza kakang'ono lero lomwe. Atatero anapita kwa odwala ena.

Ndinaima pamenepo chikwama chili kumapazi. Kutulutsa kunali kuvomera kuti ndinaphwanya lonjezo, pamaso pa mwana wanga amene wangotuluka kumene m'manja mwa imfa. Kusatulutsa kunali kusiya kamutu kaja pamphepo. Mwana wanga anali chigonere, milomo itauma, maso ali pa ine.

"Tulutsani, Amayi," anatero. "Chikwama chonsecho chikununkha fodya, ndipo inu simusuta."

Ndinatulutsa. Anaiyang'ana, chikasu chake, mizere yake yokhota. Anati anadziwa kuyambira tsiku la mbatata lija, ndipo kuyambira tsikulo sankagona bwino. Mawu amenewo anandilasa kuposa sipoko. Kenaka anafunsa:

"Munatseka?"

"Sindinatseke."

Anatsinzina. Misozi inatsikira m'makutu. Dzanja lake linali pamsana pa kamwana kaja, likukwera ndi kutsika pang'onopang'ono ndi mpweya wake.

"Ndiye masulani," anatero.

Ndinasolola sipoko n'kukoka. Mizere imene ndinaivutikira masiku ambiri m'chigafa inathawa mosavuta, ulusi n'kuunjikana pamiyendo panga wopotanapotana. Panalibe nthawi yochapa ndi kuwongola. Ndinayeza kamutu ndi chala, kanali ngati lalanje, n'kukhala pabenchi ya m'khonde. Mwa zonse zimene ndaluka moyo wanga, chipewa chimenecho ndiye choipitsitsa: chopindika, mizere yosalingana, msoko wake wokhota. Nditafika pamzere womaliza manja anaima okha. Ndinadzuka, kukasuzumira pakhomo, kuona chitenje chikukwera ndi kutsika, n'kubwerera kudzatseka. Mwini wake anali atafika, palibe akanati ndamutsogolera.

Anamwino atachinunkhiza anandikalipira ngati mwana. Anafunsa ngati ndikufuna kuika fodya pamutu pa khanda losakwana masiku. Ndinachita manyazi, poti ananena zoona. Ndinathamangira kukhitchini ya odikirira odwala, n'kuchichapa ndi sopo m'madzi otentha, katatu. Woluka aliyense amadziwa kuti ubweya wa nkhosa suchapidwa m'madzi otentha, umafota. Ndinakumbukira ndikufinya. Ndinachiumitsa pamwamba pa mbaula ya mayi wina, ndikuchitembenuza m'manja, ndikudzitukwana chamumtima. Chinafotadi. Koma ndinali nditalukira mutu wa lalanje ndi manja ozolowera mitu ya ana okwana masiku, ndiye kufotako n'kumene kunachikwanitsa. Chinakhala pakamutu paja ngati chinamerapo.

Tinakhala kuchipatalako milungu itatu. Shawelo yotsalayo ndinaichapa bwinobwino m'madzi ozizira, nditaibwezera pamasipoko, n'kuiyanika pawindo. Mwana wanga akatopa, kamwanako ankakamangirira pachifuwa panga, pa mabere ouma amene ndinkayesa kuti ntchito yawo inatha kalekale. Ndinkakhala choncho osagwedezeka, msana ukuwawa, ndikumva kamtima kakugunda pakhungu langa. Masiku ena sikelo inkakwera, masiku ena inkaima, ndipo tsiku limene inatsika sitinalankhulane mpaka madzulo. Ndinamasulanso mizere ina kulukira masokosi. M'chipindamo munali amayi ena atatu okhala ndi ana otere, ndipo mmodzi, mtsikana wa ku Chisepo amene analibe womudikirira, ankangoyang'ana chipewa chathu osapempha. Ndinamasulanso. Ena aja nawo sindikanawasiya. Pofika sabata yachitatu, m'chipinda monse munali timitu tachikasu, ndipo shawelo yanga inkangofupika.

Tsiku lotuluka, mvula inali italeka, kumwamba kuli mbee, koma mphepo ya Juni inali itayamba kuluma. Tinakhala pabenchi panja kudikira mkamwini amene anapita kukafuna galimoto. Mwana wanga anapisa m'chikwama, n'kutulutsa chotsala cha shawelo chija, n'kuchiika pamiyendo panga.

"Tsekani."

Ndinayamba kuzemba. Ndinati tidikire tikafike kunyumba, atuluke kaye m'chikuta, anenepeko pang'ono. Ndinati ndipezenso ulusi ndibwezeretse mizere imene ndinamasula, chifukwa chinthu chotere n'chochititsa manyazi kwa woluka. Zoona zake n'zakuti ndinkaopa. Chinthu chija chikadali pamasipoko ndinkaona ngati ndagwira chingwe china chake, ndipo ndikatseka ndachitaya.

"Amayi," anatero mwana wanga, "mwanayu akuzizidwa lero."

Ndinatola masipoko. Zala zinali zitauma ndi mphepo, ndipo mzere umene kale ndinkautha madzi asanawire unanditengera nthawi yaitali. Mwana wanga sanandifulumizitse. Nditafika kumapeto ndinaluma ulusi ndi mano, kumanga mfundo, masipoko n'kutsala opanda kanthu m'manja mwanga.

Inali itatsala theka lokha, yaifupi, yosayenera n'komwe dzina la shawelo. Mwanayo tinamumasula pachifuwa pa mayi ake n'kumukulunga msangamsanga, awiri tonse, manja athu akugundana. Inamukwana, n'kutsalako kopindira kumapazi.